Sikirini ya a Kankhwani

Sunthirani pafupi, chifukwa nkhani iyi si yokwezera mawu. Ndiinena monga ndinaionera, ndipo pamene maso anga sanafike ndidzatchula amene anaona.

Ine ndine Filimoni Mdzinga. Kwa zaka zambiri ndagwira ntchito pamalo osemera miyala ya ziliza pa Nathenje, kuseri kwa msika, m'mbali mwa njira yotsikira kudambo. Sindisema mwala. Ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti dzina la malemu, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira zili zolondola mwala usanakhudzidwe, pakuti cholakwa cha pamwala sichifufutika. Mwini malowo anali bambo Yelemiya Kankhwani, munthu wamanzere, wokonda fodya wa m'mphuno, amene diso lake lamanja linachita ng'ala ali kale wamkulu. Akayang'ana ntchito ya munthu ankapendeketsa mutu, n'kutsinzina diso lodwalalo, n'kunena kuti, "Mwapanikiza zilembo. Munthu wagona uyu, musamuthinitse." Mawu amenewo tinawamva mpaka kutopa nawo.

Mwana wawo wamkazi, Velina, anakaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, ndipo atabwerako anatimangira pulogalamu yoyalira zilembo. Zilembo zikayalidwa pa sikirini, makina ankazidula papepala lomata, pepalalo n'kulimata pamwala, kenako Gelesomu, wosema wathu, n'kulowapo ndi tchizulo. Pulogalamu yotere munthu samanga kuyambira pansi. Pali zida zopangidwa kale, zokhala ndi mazenera, mabatani ndi timabokosi tolembamo, ndipo womanga amangozilumikiza monga mmisiri amachitira ndi zitseko zogula. Zidazo zili ndi makonzedwe a mitundu iwiri. Ena ndi a pulogalamu yonse, ndipo ena ndi a sikirini imodzi payokha.

"Zili ngati pakhomo, a Mdzinga," Velina anandilongosolera tsiku lina. "Pali lamulo la nyumba yonse, ndiye pali la m'chipinda mwanu. Sikirini ikakhala ndi mawu akeake imatsata omwewo. Pamene ilibe mawu, imamvera a nyumba yonse."

Masikirini anali awiri. Ya Velina inali yopyapyala, yatsopano. Ya bambo ake inali yakale, ya chimsana, yong'aluka pakona. Pa yakaleyo mwanayo anakonza zonse molingana ndi thupi la bambo ake. Zilembo anazikulitsa, n'kuzipatsa mtundu wachikasu pa malo akuda. Mabatani a mausi anawatembenuza kuti akhale a munthu wamanzere. Nthawi yodina kawiri anaitalikitsa chifukwa dzanja lawo linkanjenjemera. Ndipo kamzere kaja kamene kamaphethira pamalo polemba anakaimitsa, popeza a Kankhwani ankati kakuwachititsa chizungulire.

A Kankhwani anatisiya m'mwezi wa Meyi, chaka cha 2021, chimanga chili pa mikukwe. Mwambo wa kumeta utatha, abale anagawa katundu wawo monga mwa chikhalidwe, chinthu chilichonse n'kutchulidwa pamaso pa anthu pamodzi ndi dzina la wochilandira. Njinga inapita kwa mphwawo, a Pitilosi, amene amakhala kumudzi kutsidya kwa dambo. Jekete linapita kwa mwana wa mlongo wawo. Ine anandipatsa chipewa. Sikirini yakale ija nayo a Pitilosi anaipempha, poganiza kuti azioneramo mpira.

Tsiku limene Velina ankaizula ndinali pomwepo. Atangokoka chingwe, pa sikirini yake panatuluka funso, lofunsa ngati makonzedwe a sikirini yochotsedwayo afufutidwe. Anakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba.

"Sindingathe, a Mdzinga," anatero. "Zili ngati ndikuwatseka maso kachiwiri."

"Nanga makonzedwewo uwasunga kuti, mwana wanga, sikirini yake ikupita?"

"Ndiwaika ku makonzedwe a pulogalamu yonse. Kumeneko safuna sikirini. Yanga ili ndi akeake, ndiye palibe chisinthe."

Ndinaona kuti ndi nzeru ya chikondi.

Miyezi ya chisanu inadutsa mwabata. Ntchito inachuluka, pakuti nthawi imeneyo ndiyo mabanja amakonzekera ziliza. Choyamba kuoneka chinali chaching'ono, ndipo anachiona ndi Gelesomu, amene anabwera kudzatenga pepala lodulidwa, nkhope ili mbuu ndi fumbi la mwala.

"Madamu, kanyamata kanu kagona."

"Kanyamata kati?"

"Aka kophethira aka. Kaima njo ngati msilikali. Simukukalipira kodi?"

Velina anaseka, nati mwina anagunda china chake osadziwa. Anakabwezera, kamzereko n'kuyambanso kuphethira. Mawa lake kanali kataima.

Kenako mausi inayamba kupezeka kudzanja lamanzere m'mawa uliwonse. Wotseka pakhomo ndinali ine, wotsegulanso ndinali ine, ndipo ndikutsimikiza kuti ndinkaisiya kudzanja lamanja. Choko cholembera pamwala chinkasowa patebulo n'kukapezeka pazenera la kumpoto, pamene mwini malo ankakonda kuchiika. Mpando wawo wamiyendo itatu, umene tinaukankhira kukona, masiku ena tinkaupeza utasendera pafupi ndi tebulo, osati kwambiri, pang'ono chabe, ngati munthu wausuntha mwaulemu kuti asasokoneze ena. Masana dzuwa likatentha malata, m'chipindamo munkamveka kafungo ka fodya wa m'mphuno. Pakati pathu palibe ankafwenkha fodya.

Sitinachite mantha. Zinthuzi zinalibe ukali uliwonse. Gelesomu ankangoti akalowa m'mawa, "Mwadzuka bwanji, abwana," akuyang'ana kumpando uja, n'kupitiriza ntchito yake.

Chimene chinatidetsa nkhawa chinadza mu Seputembala. Tsiku lina ndinaima kumbuyo kwa Velina kuti tiwerengere limodzi dzina la mayi wina wa ku Kamphata, ndipo ndinaona kuti zilembo za pa sikirini yake zakula kuposa kale.

"Wakulitsa zilembo, Velina?"

"Ayi. Zili monga zimakhalira."

Patapita masiku zinakulanso. Malo oyera aja anayamba kuda, zilembo n'kumapita ku chikasu. Makonzedwe akeake a sikirini ya mwanayo ankagwa limodzi limodzi, ndipo pamene lagwa limodzi, la bambo ake linkalowapo kuchokera ku nyumba yonse. Iye sankaona kusintha, chifukwa maso ake ankasintha pamodzi nazo. Pepala ankaliyandikitsa kumphuno. Pakhomo ankapunthwa. Tsiku lina Gelesomu anamuimika pabwalo, n'kumuyang'anitsitsa padzuwa, nthabwala zonse zitamuthera.

"Madamu, tayang'anani kuno. A Mdzinga, tabwerani muone."

M'diso lamanja la Velina, mwana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi munali kamtambo koyera, kopyapyala ngati utsi.

Anapita ku chipatala cha maso ku Lilongwe. Madokotala anamupima mosamala, nati chimene chikuoneka kunja sichikupezeka mkati, ndipo anamupatsa mankhwala odontheza. Atabwerako madzulo a tsiku limenelo, Velina anandiuza kuti, "A Mdzinga, ndikachita khungu ine, amayi awasamala ndani? Ndipo ntchito iyi ndi ya maso basi."

Apa m'pamene anakumbukira zimene anachita mu Meyi. Anatsegula makonzedwe a pulogalamu yonse n'kudina batani lobwezera zonse mmene zinabwerera kuchokera kwa opanga. Sikirini inayera, zilembo zinachepa, kamzere kanaphethira. Iye anatsinzina ndi ululu, chifukwa kuyerako kunamulasa m'maso. Tinapita kukadya. Pobwerako tinapeza zilembo zachikasu pa malo akuda, mausi ili kumanzere. Anayesanso mawa lake, n'kufufutiratu makonzedwewo, koma dzuwa lisanapendeke anali atabwerera.

"Taonani apa," anandiitana ndi mawu otsika, akuloza pakona pa zenera lina. "Pulogalamu imawerenga yokha masikirini olumikizidwa. Werengani inu, mwina ndi maso angawa."

Panalembedwa kuti awiri. Tinatsata chingwe kuchokera ku kompyuta mpaka kukhoma, tonse atatu, Gelesomu atagwada pansi pa tebulo. Sikirini inali imodzi.

Sabata yomweyo, dzuwa litangolowa koma kuwala kudakalipo, ndinali kukhoma geti pamene ndinaona mayi wina ataima m'njira ya kudambo. Anali atafunda nsalu yoyerera mpaka kumutu, manja ali m'kati. Sanali pafupi, sanalinso patali, koma nkhope yake sindinathe kuigwira bwino, ngakhale maso anga ndi akuthwa. Anapereka moni waulemu wa anthu akale, n'kufunsa kuti, "Kodi a Kankhwani aweruka?"

"Pepani, mayi," ndinayankha, "a Kankhwani anatisiya mu Meyi."

"Tikudziwa. N'chifukwa chake tikufunsa. Tawadikira nthawi yaitali, malo awo tinasesa kale." Kenako anaonjezera kuti, "Muwauze kuti Esinati Chalera anadutsa."

Anatembenuka n'kutsika njira ija. Udzu wouma wa m'mbali sunalire pamene ankadutsa. Ine ndinamaliza kukhoma geti, ndipo ndili pakati pa msika dzinalo linandibwerera. Esinati Chalera, mwala wakuda wokhala ndi mtanda pamwamba, umene tinausema mu 2016. Masiku ake ndinawatsimikiza ndine.

M'mawa mwake sindinatsegule malo a ntchito. Ndinapita kunyumba kwa a Nangondo, mkazi wa malemu, mayi ake a Velina, amene chichitikire maliro anali asanapondeko kumalo osemera. Ndinawapeza akusankha nyemba pa lichero. Ndinawafotokozera zonse mwandondomeko, kuyambira pa kamzere mpaka pa mayi wa m'njira. Anamvetsera osaleka kusankha. Nditamaliza anaika lichero pansi, namanga mpango, nati, "Tiyeni."

Atalowa m'chipinda cha kompyuta ananunkhiza mpweya kamodzi, n'kuyang'ana kumpando wamiyendo itatu.

"Mukadali pano, bambo a Velina," anatero, mopanda kudabwa. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, tandiuza bwinobwino, monga ukuuza munthu wosaphunzira. Unaika chiyani, ndipo unachiika pati?"

Velina anafotokoza za nyumba yonse ndi za chipinda, monga anandifotokozera ine.

"Basi ndamva," anatero a Nangondo. "Njinga inapita kwa Pitilosi, anthu anamva. Jekete linapita, chipewa chinapita. Nanga maso ake munapatsa ndani?"

"Amayi, si maso. Ndi makonzedwe chabe a..."

"Ndi mmene ankaonera, si choncho? Ndi mmene dzanja lake linkagwirira. Iwe unazitenga n'kuziika pakati pa nyumba kuti aliyense wolowa azionera momwemo. Ndiye munthu aweruka bwanji? Akuona kuti ntchito yonse idakali pa iye. Bambo ako sanasiyepo mwala pakati."

"Ndinayesa kufufuta, amayi. Zikubwerera."

"Zibwerera ndithu. Unaonapo katundu wa malemu akutayidwa kudzala? Amapatsidwa munthu, ndipo munthuyo amatchulidwa dzina anthu akumva. Itanani Pitilosi, abwere nacho chigalasi chake chija."

A Pitilosi anafika masana a tsiku lotsatira, sikirini itakulungidwa m'thumba la feteleza, itamangidwa pa njinga ya malemu ndi malamba a chubu. Anaitsitsa mofulumira kuposa mmene munthu amatsitsira katundu wosweka.

"Alamu, mwachita bwino kundiitana," anauza a Nangondo. "Mpira sichinaonetse n'kamodzi komwe. Ana akuti chimafuna magetsi, ndipo kwathu kulibe. Koma tandiuzani, chinthu chopanda magetsi chimafunda bwanji? Madzulo aliwonse ukaika dzanja pagalasipo, pamakhala pofunda ngati pachipumi pa munthu."

Atamva chimene anaitanidwira, anapukusa mutu. "Kutchula nditchula, ndi udindo wanga. Koma kulandira ayi. Ine ndili ndi munda wa fodya, ndimasankha masamba ndi maso."

"Musandiyang'ane ine," anatero Gelesomu. "Abwana anandipatsa kale chifuwa cha fumbi, chimenecho chandikwana."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali. Kusekako kusanathe, a Nangondo anayankhula.

"Ndipatseni ine."

"Amayi, ayi!" Velina anaimirira. "Mwaona zimene zandichitikira."

"Khala pansi. Iwe zakugwira chifukwa umawerenga. Ine sukulu sindinaiponde, dzina langa lomwe ndimadinda ndi chala. Zilembo zikule, zichepe, zikhale zachikasu kaya zofiira, kwa ine ndi nyerere basi. Zindisokoneza chiyani?"

"Nanga zikakugwirani m'maso?"

"Maso anga aona zokwanira. Ako sanayambe n'komwe. Ndiponso munthuyu ndakhala naye zaka makumi anayi, mkonono wake ndinaupirira. Lumikiza chinthucho."

Velina analumikiza sikirini yakale. Inalira pang'ono monga inkachitira kale, n'kuyaka. Pakona paja panalembedwabe kuti awiri, ndipo tsopano chiwerengerocho chinali choona. Mwanayo anayamba kuchotsa makonzedwe ku nyumba yonse n'kumawabwezera ku sikirini ya bambo ake, limodzi limodzi, akutchula lililonse mokweza monga mayi ake anamulamulira, nkhope ili pafupi ndi galasi chifukwa cha kusaona.

"Kukula kwa zilembo."

"Ndalandira," anatero a Nangondo.

"Chikasu pa malo akuda."

"Ndalandira."

"Dzanja lamanzere. Kudina kochedwa."

"Ndalandira. Linkanjenjemera ndithu, ndi tiyi yemwe ankatayira pa malaya."

"Kamzere kosaphethira."

"Ndalandira, mwana wanga. Maliza."

Makonzedwe a pulogalamu yonse anatsala opanda kanthu ka munthu aliyense, monga anabwerera kuchokera kwa opanga. Makonzedwe a bambo akewo Velina anawakopera pa kafulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta, n'kukamangirira ndi ulusi kumsana kwa sikirini yakale. Pamenepo a Pitilosi anavula chipewa, nayang'ana kumpando uja, nayankhula ndi mawu amene amayankhulira pa mwambo.

"Achimwene, ndine Pitilosi. Tinalakwitsa pogawa, tinasiya chinthu chimodzi pakati pa nyumba. Lero sikirini yanu ndi zonse za m'menemo tapereka kwa alamu anga a Nangondo, anthu awa akumva. Ntchito yatsala ndi mwana wanu, ndipo aigwira ndi maso ake. Werukani, achimwene. Anzanu akudikira."

Velina anakoka chingwe. Funso lija silinatuluke. Pakona panalembedwa kuti imodzi. Tinayang'anitsitsa sikirini yopyapyala, yoyera, mpaka Gelesomu analoza ndi chala chake chafumbi.

"Kadzuka," ananong'ona.

Kamzere kanali kakuphethira.

A Nangondo anasenza sikirini yakale pamutu, nakana kuti wina awathandize, napita nayo kwawo. Madzulo a tsiku limenelo ine ndi Gelesomu tinali kusonkhanitsa zitsulo pabwalo pamene geti, limene ndinali ndisanalikhome, linatseguka pang'ono n'kudzitsekanso mofatsa. Kunalibe mphepo. Tinamva mapazi akutsika njira ya kudambo, oyenda mosafulumira, ndipo patsogolo pang'ono anakumana ndi mapazi ena ambiri. Sitinasuzumire. Gelesomu anangoti, "Muyende bwino, abwana," n'kupitiriza kupukuta tchizulo.

Kuyambira pamenepo choko chinakhala pamene tachisiya. Kafungo ka fodya kanatha, ndipo ndivomere kuti masiku oyamba tinakasowa. Kamtambo ka m'diso la Velina kanayamba kupyapyala, ndipo pofika mvula yoyamba kanali katatheratu. Anabwerera ku chipatala chija, anamupima, nati maso ake ndi a mwana wakhanda.

Chaka chotsatira, mu Ogasiti, banja linakonza zomanga chiliza cha a Kankhwani. Zilembo anayala Velina yekha pa sikirini yake, ine ndinatsimikiza dzina ndi masiku, makina anadula, ndipo pepala tinalimata pamwala wakuda umene malemu anadzisungira okha kuseri kwa shedi. Gelesomu asanayambe kusema, tinaitana a Nangondo kuti adzaone mwalawo, mwa ulemu chabe, podziwa kuti kwa iwo ndi nyerere.

Anafika, napereka moni, naima patsogolo pa mwala. Anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapendeketsa mutu, natsinzina diso lamanja, ndipo pamene ankalitsinzina ndinaona kuti m'menemo muli kamtambo koyera.

"Yelemiya Kankhwani," anawerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa zilembo. "Anabadwa mu 1951. Anagona mu 2021."

Velina anagwira mkono wanga.

A Nangondo anatambasula dzanja lamanzere, natola choko patebulo, nalemba timizere tiwiri pakati pa dzinalo, pamene zilembo zinayandikana.

"Mwapanikiza apa ndi apa," anatero. "Munthu wagona uyu, musamuthinitse."

Anaika choko pazenera la kumpoto, nafunsa Gelesomu za chifuwa chake, natsanzika kuti asiya nyemba pamoto.

Velina anamatula pepala lija, nabwerera ku sikirini yake, natalikitsa zilembozo pamene mayi ake analemba. Mwalawo uli kumanda kwawo mpaka lero, ndipo amene amadziwa ntchitoyi akauona amavomereza kuti mwa miyala yonse yotuluka pamalo athu, palibe wina woyalidwa bwino chotero. A Nangondo ali moyo, ali ndi mphamvu, amasankhabe nyemba ndi diso limodzi. Mwana wawo amawapempha kawirikawiri kuti apite nawo ku chipatala cha maso, koma iwo amakana. Amati chimene analandira anthu akumva sangakachisiye kwa alendo.

Zimene ndinaona ndi zomwezi. Amene ali pafupi ndi nkhuni asonkhezere moto, kwayamba kuzizira.